Kutuluka ndi Kope m'Manja: Maulendo a Ana Ophunzirira Pakhomo ku Mabvuku

Mu mzinda wa Harare muli magulu awiri a ana a msinkhu wa sekondale amene amaphunzirira pakhomo. Gulu loyamba limapezeka kumpoto kwa mzindawu, ku Borrowdale ndi madera ena a anthu opeza bwino, kumene makolo amachita kusankha okha kuti mwana aziphunzira pa kompyuta, ndipo tchuthi chikafika amapita naye kukaona mathithi a Victoria Falls kapena mabwinja a Great Zimbabwe ku Masvingo. Gulu lachiwiri ndi la ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa, Epworth, Mabvuku ndi Tafara. Awa palibe anawasankhira. Wina fizi inasowa ali Fomu 3. Wina anatenga pakati, ndipo ngakhale lamulo la maphunziro la m'chaka cha 2020 limaletsa kuchotsa mtsikana pasukulu kaamba ka mimba, manyazi ndi kusowa womusiyira khanda zinamutsekera pakhomo. Wina anatsalira m'mbuyo pamene sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa COVID-19, ndipo anzake sanawapezenso. Onsewa chiyembekezo chawo chili pa kudzalemba mayeso a Fomu 4 a bungwe la ZIMSEC ngati ophunzira oima paokha.

Ku Mabvuku kuli mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, amene amasonkhanitsa ana asanu ndi mmodzi oterewa pakhonde la nyumba yake masiku anayi pa sabata. Bambo ake anachokera ku Dedza, ndipo Chichewa chake, ngakhale chimapendekera ku Chishona, n'chomveka bwino. Anawo amawatchula kuti Agogo. Pakhondepo pali bolodi lakuda lopakidwa pakhoma, mabenchi awiri ndi mabuku ong'ambika zikuto. Palibe mapu, palibe galasi lopimira, palibe chipinda cha sayansi. Ataona kuti ana akuloweza mawu a m'buku la jogalafe ngati ndime za katekisimu, osadziwa kuti mtsinje wotchulidwamo ndi womwewo amaudumpha popita m'tauni, Agogo anaganiza zoti kamodzi pamwezi sukulu yawo izitseka chitseko n'kuyenda.

Makolo ena sanakondwe. Kwa iwo ulendo wa sukulu ndi basi yobwereka, mpunga wa nkhuku m'kontena ndi zithunzi, zinthu za ana a mabwana. Bambo wina anafunsa mosabisa mawu kuti, "Amayi, mwana wosowa fizi mukufuna akayende chiyani? Si bwino akhale pansi aziwerenga?" Funsoli silinali lachibwana, pakuti ndalama ya kombi yopita m'tauni ndi kubwerera ndi ndiwo za tsiku limenelo. Agogo anayankha ndi malamulo atatu amene sanawasinthe mpaka lero. Ulendo uliwonse ukhale ndi funso limodzi lokha, lolembedwa m'kope usiku woti mawa anyamuka. Kumene miyendo ingafike, asakwere galimoto. Ndipo wobwerako osalemba tsamba lathunthu, ulendo wotsatira atsala.

Kulondola madzi

Funso loyamba linachokera kwa ana eni ake, pakuti m'madera ena a Mabvuku ndi Tafara mipopi yakhala youma kwa zaka zambiri, ndipo atsikana a m'gululi tsiku lawo limayambira pamzere wa pamjigo. Funso linali lakuti: madzi a mzinda uno amachokera kuti, nanga amathera kuti?

Ulendowu unatenga masiku atatu m'miyezi itatu. Tsiku loyamba anapita ku Cleveland Dam, m'mphepete mwa msewu wa ku Mutare, pafupi ndi kwawo. Kumeneko ndiko kuchokera mtsinje wa Mukuvisi. Ana anatunga madzi m'botolo loyera, nalemba tsiku ndi malo, kenaka anayenda m'dambo kuponda nthaka yonyowa imene imamwa mvula ya dzinja n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Agogo anawauza kuti malowa, pamodzi ndi dambo la Monavale ndi nyanja ya Chivero, analowa m'chaka cha 2013 m'kaundula wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar.

Tsiku lachiwiri anaupezanso mtsinje womwewo utadutsa mafakitale a ku Graniteside n'kufika m'mbali mwa Mbare. Botolo lachiwiri silinafune kufotokozera. Madzi anali otuwa, onunkha, oyandama mapepala apulasitiki. Apa Agogo analamula kuti wotunga avale jumbo m'manja ndipo akatha asambe ndi sopo, chifukwa phunziro la sayansi lisasanduke maliro.

Tsiku lachitatu, limene linadya ndalama zambiri, anafika ku Chivero, nyanja yochita kutseka mtsinje wa Manyame m'chaka cha 1952, imene kale inkatchedwa Lake McIlwaine. Alimi a m'chigwa cha Shire sangadabwe ndi zimene anawo anaona: namasupuni atayala pamwamba pa madzi ngati mphasa. Apa ndi pamene mapu amene ankajambula pang'onopang'ono anatsekeka. Mukuvisi amathira mu Manyame, Manyame amadzaza Chivero, ndipo kuchokera mu Chivero madzi amapopedwa kupita ku malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray, n'kukwezedwanso kubwerera mu mzinda. Harare anamangidwa kumtunda kwa chitsime chake chomwe. Chilichonse chotayidwa m'ngalande ku Mbare, ndi zonyansa zilizonse zotuluka zosayeretsedwa bwino, zimatsikira m'madzi amene mzindawo udzamwe. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa m'mphepete mwa nyanjayi zitamwa madzi oipitsidwa ndi ndere zapoizoni.

Mnyamata wina, amene m'kalasi sayankhula, ndiye anazindikira chifukwa chake Mabvuku amavutika kuposa madera ena. Chivero ali kumadzulo, Mabvuku ali kum'mawa kwenikweni ndiponso pamtunda, motero madzi akachepa m'mapaipi, omalizira kulandira ndi iwo. Palibe anamuuza. Anangoyang'ana mapu ake.

Atabwerako Agogo anaphunzitsa za kolera, ndipo kanali koyamba kuti manambala akhale ndi nkhope. Mliri wa 2008 mpaka 2009 unagwira anthu opitirira 98,000 m'dziko la Zimbabwe ndi kupha opitirira 4,000, ndipo Budiriro linali limodzi mwa madera okhudzidwa kwambiri. Mu Seputembala 2018 unabukanso ku Glen View ndi Budiriro komweko. Anawo anayeza kutalika kwa pakati pa chitsime ndi chimbudzi pa nyumba khumi za mumsewu mwawo, ndi mapazi, popeza tepi analibe.

Koma ulendo wa madziwu unabweretsanso mkangano umene buku silikanaubweretsa. Malamulo a dzikolo amaletsa kulima pamtunda wosakwana mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje, ndipo ana anali ataona ndi maso awo chifukwa chake. Komabe mabanja anayi mwa asanu ndi limodziwo chimanga chawo chili m'dambo. Mtsikana wina anafunsa, "Agogo, ndiye kuti amayi anga ndi amene akuumitsa mipopi?" Agogo sanamuyankhe kuti inde, sanamuyankhenso kuti ayi. Anamutuma kukafunsa amayi ake matumba angati amakolola, miyezi ingati amadya, ndiponso kukawerenga nyumba ndi mashopu zimene zamangidwa pa madambo ena mu mzindawu ndi anthu osasowa chakudya. Alangizi a zaulimi amene amafika pamudzi ndi uthenga woteteza madambo angaphunzirepo kanthu pamenepa. Uthengawo ndi woona, koma amene amaumva koyamba ndi mwini khasu, pamene mwini simenti saumva n'komwe.

Masamu a pa Mbare Musika

Ulendo wa kumsika unali wa m'mbandakucha, popeza pa Mbare Musika malonda enieni amachitika dzuwa lisanatuluke. Alimi a ku Mutoko, Murehwa ndi Domboshava amafika usiku ndi tomato, anyezi ndi masamba pa malole, ndipo amakumana ndi anthu apakati amene kumeneko amawatcha makoronyera. Ntchito ya ana inali yosavuta kuinena: kufunsa mtengo wa bokosi la tomato ola lililonse kuyambira 5 koloko mpaka 10 koloko, n'kujambula mzere wake. Mzerewo unatsika pamene dzuwa linkakwera, chifukwa mlimi wa tomato sangabwerere naye kumudzi. Kenaka anawerengetsa zimene mlimi amatsala nazo akachotsa mtengo wa lole, wa malo ogulitsira, wa wonyamula ndi wa mabokosi ophwanyika m'njira. Mutu wa mapelesenti, umene unawazunza miyezi iwiri pabolodi, unatha m'mawa umodzi.

Mayi wina wogulitsa nyemba anawafotokozera za moto umene unapsereza mbali yaikulu ya msikawu mu Okutobala 2024. Katundu wake yense anapsa, ndipo ndalama zina zinali m'thumba pansi pa benchi. Apa mawu akuti inshuwalansi, amene ana ankangowaloweza pa phunziro la zamalonda, anapeza tanthauzo, pamodzi ndi funso loti n'chifukwa chiyani anthu amaopa kusunga ndalama kubanki. Agogo anatulutsa m'chikwama chawo pepala la ndalama la 100 trillion la m'chaka cha 2009, limene pa nkhope yake pali miyala yosanjikizana ya ku Epworth, nalipereka kuti aliyense aligwire n'kuwerenga maziro ake.

Asanakwere kombi anadutsa ku Magaba, kumene amisiri amasandutsa zitsulo zakale kukhala ngolo, mawindo, mbaula ndi zigayo zing'onozing'ono. Anyamata awiri sanafune kuchokako. Palibe choipa pamenepo. Mwana amene waona mmisiri akuyeza ngodya asanawotcherere chitsulo safunsanso kuti masamu a ngodya ndi antchito yanji.

Maulendo ena anali aafupi ndipo sanasiye zambiri. Ku miyala ya Epworth anakajambula ndi kuphunzira m'mene dzuwa ndi mvula zimasendera mwala. Ku National Botanic Garden anakalemba maina a mitengo, msasa ndi munondo, n'kufunsa agogo awo kunyumba maina ake m'Chichewa. Ku National Gallery of Zimbabwe, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1957, anayenda mwamantha ngati alowa m'nyumba ya eni, mpaka Agogo atawauza kuti ena mwa osema miyala otchuka a dzikolo anali antchito a m'minda ya fodya ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amene anayamba kusema ku Tengenenge, mudzi wa amisiri umene Tom Blomefield anayambitsa m'chaka cha 1966. Mmodzi mwa iwo, Fanizani Akuda, anali Mchewa wobadwira ku Zambia. Ku National Heroes Acre sanapiteko. Agogo anati mbiri ya kumeneko ili kale m'buku lililonse, ndipo ndalama ya kombi ndi yochepa.

Mbiri imene mulibe m'buku

Ana anayi mwa asanu ndi mmodziwo ali ndi agogo kapena agogo a makolo awo ochokera ku Malawi kapena ku Tete. Izi si zachilendo ku Mabvuku, dera limene linamangidwa m'zaka za m'ma 1950 kuti muzikhala antchito a m'nyumba za azungu a kum'mawa kwa Salisbury, ndipo ambiri mwa ophika ndi osamalira maluwa amenewo anali a ku Nyasaland. Komabe anawo ankachita manyazi ndi chiyambi chawo. Anakula akumva maina onyoza, monga akuti mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ndipo gule wamkulu akatuluka Loweruka ankaonerera chapatali ngati sakumudziwa.

Ulendo wa mbiri sunafune galimoto. Anayenda misewu itatu kukafika kwa mkulu wina wa zaka zoposa 80, msungichuma wakale wa bungwe la maliro la anthu ochokera ku Malawi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma moto wake suzima ngati palibe wopita kudamboko. Ana anakhala pamphasa, atsikana atagwada popereka moni, ndipo mkuluyo anatulutsa kaundula wa bungwelo: maina, midzi, mafumu, maboma, Ntcheu, Dedza, Mangochi, Nkhata Bay, ndi tsiku limene aliyense anaikidwa m'manda a m'dziko la eni. Anawafotokozera za malole a Ulere, amene boma la Southern Rhodesia linkanyamulira anthu ofuna ntchito kwaulere kuyambira m'zaka za m'ma 1930, za bungwe lolemba anthu ntchito limene ankalitcha Mthandizi, ndi za nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, pamene Salisbury linali likulu la maiko atatu. Anawauzanso tanthauzo la mawu akuti machona, anthu opita kukagwira ntchito osabwereranso kwawo.

"Ana inu," anatero mkuluyo, "ife sitinachone dala. Unkati chaka chamawa ndipita, chaka chamawa ndipita, kenaka wapezeka uli ndi zidzukulu."

Sabata yotsatira anapita ku Mbare kukaona nyumba zosanja za Matapi, zimene zinamangidwira amuna osakwatira obwera kudzagwira ntchito, koma lero mumakhala mabanja athunthu m'chipinda chimodzi. Anaima pa Mai Musodzi Hall, holo yotchedwa dzina la mayi amene anathandiza kuyambitsa bungwe la amayi a m'derali m'chaka cha 1938, ndi pa bwalo la Rufaro, pamene mbendera ya Zimbabwe inakwezedwa usiku wolowera pa 18 Epulo 1980. Kenaka, atalemba kalata yopempha chilolezo, anakafika ku National Archives of Zimbabwe, nyumba yosungiramo zolembedwa zakale imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1935. Kumeneko anaphunzira chinthu chimene ophunzira ambiri amachimva atafika kale ku yunivesite, chakuti mbiri imalembedwa kuchokera ku mapepala amene wina anasunga, ndipo amene sanasungiridwe pepala amasowa m'mbiri. Kaundula wa mkulu uja anasanduka chuma m'maso mwawo, ndipo mtsikana wina anadzipereka kumukopera m'kope latsopano asanadyedwe ndi chiswe.

Agogo anatsiriza mutuwu powawerengera ndime 6 ya malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a m'chaka cha 2013, imene imatchula ziyankhulo 16 zovomerezeka. Pa mndandandawo Chichewa ndicho chili poyambirira. N'zoona kuti chili pamenepo chifukwa cha ndondomeko ya zilembo chabe, koma ana anafuna kuona ndi maso awo, ndipo pepalalo linazungulira kawiri.

Zimene ulendo sungathe

Wina asaganize kuti kuyenda kwalowa m'malo mwa sukulu. Mabotolo atatu a madzi si chipinda cha sayansi, ndipo mwana amene sanagwirepo zipangizo zopimira amavutika pa mayeso ngakhale atayenda mtsinje wonse. Ndalama zolembetsera mayeso zimalipidwa pa phunziro lililonse, ndipo chaka chatha awiri mwa anawa analembetsa maphunziro atatu okha m'malo mwa asanu amene amafunika kuti munthu apite patsogolo. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro imene boma linayamba m'chaka cha 2024 imalimbikitsa ophunzira kufufuza zinthu za m'dera lawo, zimene zikugwirizana ndi makope a pakhonde la Agogo, koma kugwirizanako sikulipira fizi.

Palinso zofunika kusamala, zimene ogwira ntchito m'midzi ofuna kuyesa njirayi ayenera kuzidziwa. Agogo sayenda okha ndi ana. Pamakhala kholo limodzi, ndipo pa ulendo wa m'mbandakucha pamakhala bambo. Mtsikana wa khanda amapita nalo kumbuyo, ndipo gulu limayenda pa liwiro lake. Kumalo a boma kapena a kampani amayamba alemba kalata. Kumsika ndi kwa amisiri amayamba apereka moni n'kufotokoza chimene abwerera, chifukwa munthu wofika ndi kope n'kumalemba mitengo amaoneka ngati kazitape wa khonsolo. Ndipo salola kujambula munthu pafoni asanavomere.

Ulendo wovuta kuposa yonse unali wa mnyamata uja wa mapu. Nthawi yolembetsa mayeso itayandikira, zinadziwika kuti alibe chiphaso cha kubadwa. Amayi ake, amene anamwalira, analibenso, pakuti bambo awo anachokera ku Malawi, ndipo lamulo la unzika la m'chaka cha 2001 linalamula aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kuti akane unzika umenewo m'miyezi isanu ndi umodzi, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu ambiri obadwira m'mafamu, m'migodi ndi m'makomboni, amene ku Malawi sanapondeko, anapezeka opanda dziko. Malamulo a 2013, pa ndime 43, anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la m'bungwe la SADC, koma lamulo likhoza kusintha tsiku limodzi pamene mapepala a banja amatenga mibadwo kuti alongosoke.

Agogo anaganiza kuti gulu lonse lipite naye ku ofesi ya kalembera, ndipo funso la m'kope linali lakuti: munthu amasonyeza bwanji kuti alipo? Anaima pamzere kuyambira m'mawa. Ana analemba zonse zimene mlembi anatchula: kalata ya kuchipatala kumene mwana anabadwira, chiphaso cha imfa ya mayi, ndi wachibale wokhala ndi chitupa woti adzachitire umboni. Mwa zitatuzi mnyamatayo anali ndi chimodzi. Pobwerera, mtsikana amene ankakopera kaundula wa bungwe la maliro anakumbukira kuti anaonamo dzina la agogo a mnzakeyo, ndipo pambali pake panalembedwa dzina la mwana wawo wina wamwamuna amene anasamukira ku Kadoma. Mkulu uja anatsimikiza kuti munthuyo ali moyo ndipo amabwera ku maliro. Uthenga unatumizidwa kudzera mwa anthu a mpingo wa CCAP. Malumewo ayankha kuti abwera mwezi ukatha, akapeza ya basi. Mayeso a Juni amudutsa mnyamatayo, ndipo Agogo amulemba pa mndandanda wa odzalemba mu Novembala, ndi pensulo.